Apongozi Sakweranso Sitima

1.
Pa Mtambalika sitima imaima, koma pulatifomu palibe. Pali miyala ya njanji, chikwangwani chadzimbiri, ndi sitepe ya sitima yofika munthu m'chiuno. Achinyamata amadumphira. Amayi amayamba apereka mwana kwa amene ali m'kati. Okalamba amakankhidwa.

2.
Ine ndine Laisoni, mkamwini pakhomo pa a Nasibeko. Apongozi angawo ndimawapatsa moni ndili chapatali, maso ali pansi. Tikakumana panjira ndimapatukira kutchire ngakhale kuli chisoso. Ndi mmene tinaleredwera.

Tsiku limenelo ankapita okha kuchipatala chachikulu ku Blantyre, kukaonetsa chotupa cha m'mimba. Mkazi wanga Esinta anali wotopa, mwezi wake utayandikira. Anati aperekezeni pasiteshoni, mukangowanyamulira chikwama.

Chikwama basi.

3.
sitima inalira ndipo mwendo wa apongozi unakwera n'kubwerera unakweranso n'kubwerera kondakitala akukuwa changu agogo changu amayi ogulitsa nzimbe akuyang'ana kumbali achinyamata onse alowa kale mawilo ayamba kugwedezeka ndipo ine chikwama pansi manja anga awa m'chiuno mwawo phewa langa kumbuyo kwawo chitenje chikumasuka ine ndikukankha ngati ndikukweza thumba la chimanga palole ndipo wina pazenera anaimba mluzu wina n'kukuwa kankha mkamwini kankha ndipo bogi yonse inafa nalo phwete

4.
Anthu anaona.

5.
Atabwerako anakambirana ndi mwana wawo pakhonde. Ine ndinali kuseri kwa mpanda, ndikumva zonse.

Adokotala ati chiyani, amayi?

Ati ndidzapitenso.

Liti?

Ine sitima ija sindidzakweranso. Kukwezedwa ngati katundu, ndi mkamwini, pamaso pa anthu? Ayi mwanawe.

Nanga minibasi?

Ndikafike bwanji kumsewu? Kabaza ndi mimba iyi?

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Sinang'ambike. Ndinangokhala pamenepo mpaka nkhuku zinayamba kundizungulira.

6.
Iwe Laisoni, iwe amene sunatsekulepo pakamwa pamsonkhano, chinakuimiritsa n'chiyani pansi pa mkuyu paja? Unati tikufuna pulatifomu. Unati khonde la simenti lofanana msinkhu ndi chitseko cha sitima, kuti wodwala azingoyenda n'kulowa.

A Dzimbiri, wapampando wa komiti ya chitukuko, anagwedeza mutu. Mfundo yabwino, anatero. Ndipo tonse tikudziwa pamene pakumuwawa mnzathuyu.

Anthu anaseka. Kenako anakusankha kukhala mlembi, akusekabe.

7.
Zofunika, malinga ndi injiniya wa kampani ya njanji:
njerwa zootcha
mchenga wa kumtsinje, osati wa pabwalo la sukulu
miyala ya kwale
simenti
chilolezo
chilolezo china chovomereza chilolezo choyambacho
munthu wa nsapato zolimba

8.
Kwa khansala anati thumba la chitukuko chaka chino lathera pa mjigo, mubwere mvula ikatha. Mvula itatha anati mubwere bajeti ikadutsa. Benchi ya paofesi pawo inazolowera matako anga. Mlonda anayamba kunditchula kuti a Pulatifomu.

Ndiye tinayamba tokha. Nyumba iliyonse njerwa. Kwaya ya tchalitchi inaimba pamsika, mbale ili pansi. Tinakonza mpira wa azimayi okwatiwa kulimbana ndi atsikana, kulowa n'kulipira. Chigoli chitangolowa, ana a sukulu anagwirana m'chiuno n'kuyamba kuzungulira bwalo.

Kankha, mkamwini, kankha.

Ine ndinali pageti, ndikulandira ndalama, ndikumwetulira ngati chitsiru.

9.
Anthu anaona. Anthu saiwala.

10.
Mwana anali atabadwa kale, tinamutcha Tamala. Esinta akuyamwitsa anandifunsa.

Bambo a Tamala, amayi mwawaona manja awo?

Ine sindiwayang'ana, ukudziwa.

Akutha. Phala akungolawa. Miyezi yonseyi osaonana ndi dokotala.

Simenti ikubwera.

Simenti! Mukanangowasiya tsiku lija sitima iwasiye, bwenzi atakwera sabata inayo, bwenzi lero akupitabe kuchipatala.

M'mawa mwake ndinagulitsa njinga, kenako mbuzi zonse. A Dzimbiri anauza anthu kuti mlembi wathu ndi wokonda dera lake. Ndinachita manyazi kuposa pamene ankandiseka, chifukwa za dera ine ndinalibe nazo ntchito. Ndinkamangira munthu mmodzi.

11.
Zimene mkamwini amaloledwa kuchitira apongozi ake:
kulima
kufolera nyumba
kuwaza nkhuni n'kuzisiya pakhomo iwo asanatuluke
kukumba manda

12.
Mkamwini ankadutsa ndi wilibala m'mawa, iye ankadutsa ndi wilibala masana, mapazi atang'ambika ndi simenti. Apongozi ankakhala pamkeka pakhonde, atafunda nsalu ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Iye akafika pamenepo ankathamangitsa wilibala. Iwo ankatsekula pakamwa ngati akufuna kumuitana.

Sankamuitana.

13.
Ndalama zinangokwana pulatifomu ya bogi imodzi. Yaifupi, yokhota pang'ono kumapeto, koma yathu. Ndinapita kukagwira mwendo dalaivala kuti aziimika bwino, chitseko chizigwera pamenepo. Anandiyang'ana n'kuti, kodi si inu aja?

Ndine, bwana.

14.
Tsiku lotsekulira khansala anabwera ndi lumo lake lodulira riboni. Analankhula nthawi yaitali za mmene anavutikira. Sitima inabwera, inaima bwinobwino, chitseko pamalo pake.

A Nasibeko anadutsa pakati pa anthu, Esinta ali pambali ndi mwana kumsana. Ine ndinaima kumapeto kwenikweni, manja nditabisa kumbuyo. Phazi limodzi. Linzake. Analowa okha.

Ali pachitseko anatembenuka n'kundiyang'ana kumaso, koyamba chikwatirireni pakhomo pawo.

Zikomo, apongozi, anatero.

Nthungululu zinalira. Ndinalira ndi ine, osabisa. Mumtima ndinati akafika mawa kwa dokotala, akayambiranso mankhwala, zatha.

Anthu anaona.

15.
Ine Nasibeko ndakhala pazenera, sitima yanyamuka, ndipo mkamwini wanga akuoneka uko akuchepa, akubayibitsa ndi manja aja.

Manja amenewo sindinachite nawo manyazi. Akanapanda iwo ndikanagwera pansi pa mawilo. Kuseka kwa anthu ndinakuiwala tisanafike pasiteshoni yotsatira.

Kuchipatala kuja adokotala anandikhazika pampando, anatseka chitseko, anafunsa ngati ndabwera ndi wachibale. Anati mayi, chotupachi chafalikira, palibenso choti tichite. Bwererani mukakhale ndi ana anu. Ndinabwerera. Ndinapeza Esinta ali pakhonde, mimba ili apo, akundiyang'ana ndi maso a mwana. Pakamwa panakana. Ndinatola bodza limene linali pafupi, ndipo bodzalo linali ndi dzina la mwamuna wake.

Ndinkati ndinena mwana akabadwa. Ndinkati ndinena njerwa zisanaotchedwe. Njinga itapita ndinati lero. Mbuzi zitapita, manyazi anali atandikulira, ndinkangoyang'ana mwana wa eni akudutsa ndi wilibala, akumangira munthu wopanda kopita.

Lero ndakwera kuti thukuta lake lisapite pachabe. Ku Blantyre kulibe amene akundidikira.

Esinta, amene wakwera nane, akuti tikagone kwa msuweni wake ku Limbe, tikadzuke m'mamawa kuti tikapeze mzere waufupi. Ndamuuza kuti asendere kuno, mwanayo amasule andipatse ndimugwire ine, iye manja akhale opanda kanthu pomva zimene ndimuuze.