Tsiku la Q

Ine ndinabadwa Getrude Chikopa, ndipo kusukulu dzina langa linkaitanidwa anzanga asanakhazikike n'komwe. Kukwatiwa ndi a Zidana ndi kumene kunandiponya kumchira. Kusikelo, kukatemera, kulikonse kumene kuli kaundula, ndimapsa ndi dzuwa mpaka woitana mayina mawu atasasa. Ndinazolowera. Koma za pampu zija zinandifika pakhosi.

Kalabu yathu ya alimi a madimba, m'mbali mwa mtsinje wa Lirangwe, inalandira pampu yopalasa ndi miyendo. Imodzi yokha, anthu makumi awiri ndi atatu. Mlembi wathu ndi a January Bwanali, amene anapuma ntchito ya ukalaliki kubwalo la ndege ku Chileka, ndipo munthuyu zilembo za Chingerezi amazikonda kuposa ndiwo. Ukangowapatsa moni amakuuza kuti E ndiye amagwira ntchito kwambiri m'Chingerezi chonse, kapena kuti W eni ake amamutcha ma U awiri pomwe maso akuona ma V.

Iwowa ndiwo anajambula ndandanda pakatoni. Zilembo makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, chilichonse tsiku lake. Dzina lako lomaliza likayamba ndi chilembocho, pampu ndi yako tsikulo. Anati ndi mmene zimayendera kumaofesi, palibe angadandaule zokondera. Tinawomba m'manja ngati anthu anzeru.

Zinaoneka pambuyo pake. Tsiku la M panali anthu asanu ndi awiri, a Makwinja, a Mataka ndi anzawo, kulimbirana paipi mpaka kutukwanizana. Ine wa Z ndinkangowerenga masiku. Unali Okutobala, dzuwa loswa mtengo, madzi atathawira pansi pa mchenga. Ndinkatunga ndi kheni pachitsime chokumba mumtsinje mpaka msana unakana. Tomato wanga, mizere khumi ndi iwiri, anali atangoyamba maluwa, ndipo ikamakwana naini koloko masamba amakhala atagona kale. Bambo a kunyumba ali ku Joni, dimbalo ndilo limadyetsa ana. Ndinaona kuti tsiku langa lidzapeza mapesi okhaokha.

Tsiku la P, kutatsala masiku khumi, ndinamanga chitenje molimba n'kupita kwa a January. Ndinawapeza pakhonde akupukuta pampuyo ndi kansanza. Nditafunsa kuti mawa ikupita kwa ndani, anayankha opanda ndi manyazi omwe kuti mawa ndi Q, ndipo poti mukalabu mulibe wa Q, pampu ipuma. Inapumanso pa E, pa I ndi pa O.

Ndinaona mdima. Ndinawauza zambiri, zina sindingazibwereze pano poti ndine wa Mvano. Ndinati pampu ikugona pakhonde ngati mlendo, tomato wanga akufera anthu amene sanabadwe. Ndinawafunsa ngati anamuonapo munthu wa Q kuchokera ku Lirangwe mpaka ku Lunzu. Anati kundege ankawaona, pa mapasipoti. Ndinati ndiye awaitane adzathirire.

Anandisiya ndithe mpweya, kenaka anafotokoza kuti ndandanda ikangophwanyidwa kamodzi aliyense adzafuna kudumpha mzere, ndipo m'mawa mwake a M onse asanu ndi awiri adzakhala ali pakhomo pawo. Apo ndinazindikira kuti bambowa si ouma mtima, akungoopa pakamwa pa anthu. Ndinakhala pansi.

"Chabwino," ndinatero. "Q ameneyu alibe mwini. Kwathu kuno mwana wamasiye sagona panja. Ndamutenga ine, ndimulera."

A January anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenaka anaseka mpaka kutsokomola. Anati zimenezo ndandanda siyiletsa, ndipo wobwera kudzadandaula adzamuuza kuti anachedwa yekha kukatenga mwanayo. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi cholembera, koma asanalembe anaima kaye.

"Komatu mayi, Q sayenda yekha. M'Chingerezi amatsatana ndi U. Mukamutenga, mutenge ndi a Usi omwe."

A Amadi Usi ndi bambo wachikulire wa dimba loyandikana ndi langa. Mawondo awo anatha, ndipo tonse tinkadziwa kuti kupalasa pampu sangathe, kungoti palibe ankazitchula pamsonkhano. Ndinadandaula ndithu, kuti ndabwera kudzapempha madzi ndapatsidwa ganyu. Koma ndinavomera, ndipo dzina langa linalembedwa pambali pa Q ndi zilembo zikuluzikulu.

M'mawa mwake pampu inatsikira kumtsinje panjinga. Ndinakwerapo dzuwa lisanatuluke, a Usi atagwira paipi. Madzi atafika pamzere woyamba nthaka inachita kulira, ndipo ine ndinayamba nyimbo yakwaya, kupalasa motsata nyimboyo. Pofika masana mizere yonse inali itakhuta, masamba ayamba kudzuka. Mtima wanga unakhala pansi koyamba mwezi umenewo.

Kenaka tinakokera paipi kwa a Usi. Uku ndiye ndinkapalasa ndikung'ung'udza, kuti miyendo yangayi si ya boma, kuti a January adzandiona. A Usi ankangoyenda ndi paipi pakati pa mpiru wawo. Nditatsika, thukuta lili kamukamu, ndinawapeza atakhala pamzere, akupukuta m'maso ndi chipewa.

"Chimwalirireni mayi a kunyumba, m'dimba muno simunalowepo munthu wina," anatero. "Ndimayesa anthu anaiwala njira."

Manyazi anandigwira, poti dimba langa ndi lawo zangolekana ndi mzere umodzi wa nzimbe, ndipo zaka ziwiri zonsezi ndinkangowapatsa moni chapatali. Ndinawauza kuti asiye zolirazo, atenge chikwanje andidulire nzimbe yonenepa, poti tsiku lawo la U ndibweranso ndipo ine sindipalasa ndi njala.