Pensulo M'fani ya Kompyuta

Sindinauzepo aliyense kunyumba kuti kompyuta ija ndinaiwotcha ndine. Iwo amadziwa kuti inangofa ndi ukalamba.

Bambo anga anali ndi chotupa pakhosi. Adokotala ananena kuti Lachisanu m'mawa adzachichotsa, koma mawu adzapita nacho limodzi. Ine ndinali nditangomaliza mayeso, ndikungokhala pakhomo. Ndinakabwereka maikolofoni kwa aphunzitsi anga akale, yogwira pa kompyuta pokha, kuti ndijambule mawu a bambo asanathe. Foni yanga imajambula ngati munthu akuyankhulira m'ndowa.

Vuto linali phokoso. Mawu a bambo anali atasasa kale, pomwe kumbuyo kwa kompyuta kuli kabokosi kolowera magetsi, kamene amati pawa sapulayi, ndipo fani yake inkalira ngati chigayo. Tikamamvetsera zomwe tajambula, tinkangomva wuuu, bambo ali kutali. Lachitatu ndinatenga pensulo n'kuitsomeka pakati pa mapiko a faniyo. Kunangoti zii. Bambo anayankhula bwinobwino za mmene anakumanirana ndi amayi podikira basi. Asanamalize kunamveka fungo la pulasitiki wopserera, sikirini n'kuthima, ndisanasunge kalikonse. Ndinasolola pensulo ija iwo atawerama akutsokomola.

Lachinayi m'mawa ndinakulunga kompyuta yonse m'bulangete, ulendo kwa okonza. Anthu amawatchula a Mawaya. Kashopu kawo kali pansi pa masitepe, kodzaza ndi makiyibodi oguluka mano. Mawu amene ndinakonza m'njira anandithawa pakhomo.

Iwo anatsegula, ananunkhiza, anazunguza fani ndi chala, kenaka anaiyang'anitsitsa.

"Achemwali, fani yanuyi imalemba mayeso? Mapiko onsewa ali ndi pensulo."

Ndinayang'ana pansi. Kenaka zonse zinangotuluka, za chotupa, za Lachisanu, za pensulo, mamina ali chuu. A Mawaya sanaseke. Anandipatsa kansalu kopukutira magalasi.

"Disiki ili moyo, zomwe munasunga masiku ena zilipo. Tsopano sankhani mtima watsopano."

Anaika mapawa sapulayi atatu patebulo. Ndinaloza yonyezimira, ya timagetsi tamitundumitundu, yolembedwa mphamvu ya mawatsi 800. Ndinkaganiza kuti nambala yaikulu ndiye yabwino, monga pa mayeso.

"Tainyamulani."

Inali yopepuka ngati chitini chopanda kanthu.

"Nambala amalemba aliyense, achemwali. Ngakhale ine ndikhoza kudzilemba pamphumi kuti ndine dokotala. Yopepuka chonchi m'kati mulibe kanthu. Tsiku lakufa kwake imatenga disiki yanu kupita nayo kumanda."

Anatulukira pakhomo n'kukuwira wometa tsitsi wa pafupi. "Iwe wamalumo! Tazimitsa wailesiyo, tili ndi wodwala kuno!"

"Odwala ako onse amafa!" anayankha wometayo, koma anazimitsa.

Anayatsa yachiwiri, yotuwa, ya fani yaing'ono, nandiuza kuti ndiike khutu. Inkalira kamluzu kowonda, ngati udzudzu. Ndinapukusa mutu. Yachitatu inali yakuda, yolemera, yokandikakandika m'mbali, ya mawatsi 450 okha. Fani yake inali yaikulu ngati mbale ya tiyi.

"Fani yaikulu imazungulira pang'onopang'ono, siifuula. Kompyuta yanuyi siidya zambiri, mphamvu imeneyi ikwanira n'kutsala."

Ndinaika khutu. Ndinangomva kamphepo patsaya.

"Iyiyi," ndinatero. "Ikani ndizipita."

"Ayi. Iyake kaye ola lathunthu ndikuiona."

"Achimwene, chonde. Mawu a bambo amatha dzuwa likapendeka. Pofika folo koloko amangonong'ona."

"Nanga ikakathimanso ali m'kati moyankhula, mudzawabwereka kuti mawu ena? Khalani apo."

Ndinakhala pa kompyuta ina yakufa. Iwo anailumikiza m'kompyuta yanga, anatsegula mapulogalamu ambirimbiri nthawi imodzi kuti makina atope, namagwiragwira kumbuyo ngati mayi woyesa kutentha kwa mwana. Ine maso pa wotchi ya pakhoma. Ndinapemphera, ndinadzitukwana, ndinaluma zikhadabo mpaka magazi. Kawiri konse ndinaimirira, kawiri konse analoza pokhala paja osandiyang'ana.

Ola litakwana anamanga zomangira zinayi n'kundisenzetsa. "Mapensulo muzilembera," anatero.

Basi inachedwa kwambiri. Ndinafika kunyumba hafu pasiti fili. Bambo anali pampando wawo, chikwama cha kuchipatala chili kale pafupi ndi chitseko. Ndinalumikiza mawaya, ndinayatsa, ndinawaikira maikolofoni pafupi ndi pakamwa.

"Yayaka?" anafunsa. "Sindikuimva."

"Yayaka, bambo. Yambiraninso ya pa basi ija."

Anayesa. Anafika pomwe amayi anawapondera phazi, mawu n'kuduka. Anamwa madzi, anayesanso, panangotuluka mpweya. Ndinkaona mzere wa pa sikirini ukugona pansi. Nkhani ija inali itapita, ndipo ndinkadziwa amene anaitaya.

"Zazitali sindithanso, mwanangu," ananong'ona. "Koma usazimitse."

Anagwira pakhosi. Kenaka anakweza mutu kuloza kukhitchini, nasonkhanitsa mphamvu zonse zimene zinawatsalira.

"Mayi a mwana! Tiyi uja wapita kukagula shuga yekha?"

"Mukamufunse nokha, bwana!" anayankha amayi uku akukwecha mphika, osadziwa kuti tikujambula. "Miyendo muli nayo!"

Bambo anaseka, kuseka kosasa kothera m'chifuwa. Ndinasunga, n'kusunganso kachiwiri pa fulashi. Titamvetsera, zonse zinamveka mbee: kuitana, kuyankha, supuni ikugunda mphika, ngakhale mpweya umene bambo anakoka asanaitane. Kumbuyo kwake kunalibe phokoso lililonse.

Amayi analowa ndi tiyi, namva mawu awo akutuluka m'sipika. Anaika kapu pansi n'kukhala pa mkono wa mpando wa bambo.

"Tabwerezanso," anatero.