Chithunzi cha Lachiwiri

"Amayi! Tabwerani msanga, ndapha nyimbo!"

Namakina anasiya chingwe chomwe amakulunga n'kuthamangira m'chipinda chojambuliramo. Anapeza mwamuna wake, yemwe aliyense ankangomutchula kuti Wagitala, ataima kutsogolo kwa kompyuta manja ali kumutu, thukuta lili kamukamu.

"Mwatani?"

"Malo anadzaza, ndiye ndimati ndichotseko zakale. Ndafufuta chimbale chonse. Chonse, amayi!" Anakhala pa sipika. "Basi, madzi akatayika saoleka."

"Madzi a anthu ena amenewo. Anga amaoleka. Tapatukani."

Situdiyoyi inali ya awiriwa, zipinda ziwiri kuseri kwa saluni ya mlongo wake wa Wagitala. Makoma anali omata masiponji, pansi kapeti yothetheka chapakhomo. Mwamuna anali wa zala ndi makutu, mkazi anali wa makompyuta, ndipo dzina lake linachokera pamenepo. Kunsi kwa tebulo kunali bokosi lakuda losungiramo nyimbo zonse, lomwe kwa Wagitala ntchito yake inali yotsamiritsapo phazi basi. Namakina analitchera kuti m'mawa uliwonse, anthu asanafike, lizidzijambula lokha, kusunga mmene zonse zilili mkatimo tsiku limenelo. Anzake a ntchitoyi amati sinapushoti, koma pabanjapo ankangoti chithunzi. Munthu akaononga zinthu masana, umabwerera ku chithunzi cha m'mawa, zonse n'kudzuka.

"Ndiye zibwerera?"

"Zibwerera. Pitani panja mukapitidwe mphepo, mukundipumira m'khosi."

Wagitala anafika pakhomo n'kucheuka. "Makamaka ya Mpheta ija, amayi. Zinazo ndikhoza kuimbanso, koma ijayo ayi."

Dzina limeneli linali litamuwawa Namakina masiku atatu onsewa.

Nyimbo yaikulu ya chimbalecho inali yachikondi, yoyankhana mwamuna ndi mkazi. Namakina anaiimba ndi mwamuna wake monga ankachitira kuyambira ali pachibwenzi, ndipo mawu a kolasi anawapeka yekha akutsuka mbale. Mpaka Lachiwiri mawu ake anali m'nyimbomo. Lachitatu, pochokera kokasiya mwana kusukulu, anapeza kamtsikana kowonda kali pa maikolofoni yake, katavala mahedifoni ake. Ndiye Mphetayo, ndipo dzinalo linkamukhala. Wagitala anachotsa mawu a mkazi wake n'kuikapo a mtsikanayo, osapempha, osapepesa. Anangoti masiku ano anthu akufuna mawu anthete. Anthete! Ngati akusankha ndiwo zamasamba pamsika.

Chinthu chimodzi chokha n'chomwe chinkamutonthoza. Mpheta anali atamaliza ntchito yake, ndipo mawa lake anali woti anyamuke kupita kutali, kwa azakhali ake, kukayamba kosi ya unamwino. Anali atatsanzika kale. Munthuyo amachoka, koma mawu ake amatsala, ndipo akanamveka pa wailesi, m'minibasi, ngakhale m'khitchini mwa Namakina momwe.

Chitseko chinatseguka, mlamu wake wa saluni n'kulowa chipeso chili m'manja.

"Ndamva maliro kuno. Wamwalira ndani?"

"Achimwene anu afufuta chimbale."

"Ndi ya kamwana kaja yomwe? Ee, ndiye alira zenizeni." Anatsamira tebulo, nkhope ili mweemwee. "Mlamu, dzana paja kakuimba, makasitomala anga anasiya miseche. Mayi wina anatulutsa mutu m'dilaya youmitsira tsitsi kuti amve bwino. Akuluakulu amati ukaipa dziwa nyimbo. Nanga uyu nkhope ali nayo, nyimbo akuidziwanso, enafe atisiyira chiyani?"

"Kodi kulibe mutu woti muluke uko?"

"Ulipo, ukuuma. Ine ndangoti ndinene, achimwene anga ndakula nawo, koma sindinawaonepo akupesa ndevu pakati pa sabata."

Anatuluka akuseka. Kusereulana kwa pachilamu Namakina anali atakuzolowera, ndipo masiku ena ankabweza mpaka mlamuyo kuthawa. Koma lero mawuwo anagwera pabala.

Anakhala pansi n'kutsegula zithunzi za bokosilo. Zinali m'ndandanda wake, tsiku ndi tsiku, mpaka cha lero Lachisanu, chojambulidwa m'mawa Wagitala asanachite zakezo. Anachitsegula. Chimbale chinali momwemo chathunthu, palibe chosowa. Ntchito yake inali yongokopera n'kuitana mwamuna uja kuti adzaseke.

Koma anavala kaye mahedifoni. Ankanunkhirabe mafuta a tsitsi a mwiniwake watsopano.

Mtsikanayo akanakhala kuti amaimba zoipa, mtima wa Namakina ukanakhala m'malo. Vuto linali lakuti ankaimba bwino. Pamene Namakina ankakwera movutikira, mtsikanayo ankangodutsa ngati akuyenda pabwalo la kwawo. Mawu aja opeka pa beseni la mbale ankamveka ngati anabadwira m'kamwa mwake. Nyimbo itatha, makina asanazimitsidwe, panamveka Wagitala akuomba m'manja. "Eyaa! Ndi imeneyotu!" Kenako kuseka kwake kuja kochokera m'mimba, komwe Namakina anali asanakumve kwa nthawi yaitali. Iye akamaliza kuimba ankangouzidwa kuti, "Yakwana, tiyeni ina."

Nsanje inamugwira.

Anatsegula chithunzi cha Lachiwiri. Mawu ake anali momwemo, osasa pang'ono pokwera, koma ake. M'chithunzi chimenechi Mpheta anali asanaponde m'chipindamo. Mwamuna ankafunsa, mkazi wake n'kumayankha, nyumba ili bwinobwino.

Njira zinalipo ziwiri, ndipo Namakina ankazidziwa kuposa aliyense. Yoyamba inali yokopera chimbale kuchokera m'chithunzi cha lero, osataya kalikonse. Yachiwiri inali yobweza bokosi lonse ku tsiku lakale. Imeneyi sachita chisawawa, chifukwa bokosi likabwerera m'mbuyo, zithunzi zonse za pambuyo pa tsikulo zimafafanizika, ndipo palibe katswiri angazidzutse. Iye yemwe ankachenjeza anthu za zimenezi akamutengera kukakonza makompyuta m'maofesi.

Anaganiza mofulumira. Mtsikana akunyamuka mawa. A wailesi akudikira chimbale. Wagitala adzalira, adzadandaula, koma pamapeto pake adzatenga zomwe zilipo, ndipo zomwe zilipo ndi mawu a mkazi wake. Nanga akuba chiyani? Nyimbo ndi yake, maikolofoni ndi yake, mwamuna ndi wake.

Anasankha Lachiwiri. Kompyuta inamufunsa ngati akutsimikiza, n'kumukumbutsa kuti zithunzi zotsatira zonse zichoka. Panja Wagitala ankayendayenda, nsapato zake zikumveka pa simenti. Namakina anadina.

Sizinatenge nthawi. Ndandanda uja unafupika, n'kuthera pa Lachiwiri ngati sabatayo inalekera pomwepo.

"Abambo, lowani."

Wagitala analowa chothamanga. "Zatheka?"

"Zatheka, koma osati zonse. Zithunzi za kumapetoku zinali zoonongeka. Chabwino chomaliza ndi cha Lachiwiri."

Anayankhula akuyang'ana kompyuta. Wagitala anawerama, n'kutsegula nyimbo ija. Gitala analira, mawu a Wagitala anafunsa, ndipo mawu a Namakina anayankha m'masipika onse. Mwamunayo anatsinzina. Mkazi ankamuyang'ana cham'mbali, akudikira kuti mwina amva zomwe ankamva kale. Kolasi isanathe, Wagitala anaimitsa nyimboyo.

"Simungayesenso?"

"Mwanena nokha, madzi akatayika saoleka."

Wagitala anasisita ndevu zopesa zija. Kenako anatulutsa foni n'kutuluka panja. Masiponji a m'makoma anameza mawu ake, koma dzina loti Mpheta linadutsabe pansi pa chitseko. Pobwerera nkhope inali itawala ngati si munthu uja amalira posachedwapa.

"Wavomera! Akuti kosi iyamba mwezi wamawa, amangofuna kukafika msanga. Akhala mpaka titamaliza. A wailesi ndiwauza adikire." Anatikita manja. "Ndipo mukudziwa, amayi, mwina tsokali ndi mwayi. Poti tikuyambiranso, ndaganiza kuti aimbe ndi zinazo zomwe. Chimbale chonse chikhale cha mawu amodzi."

Namakina akanati chiyani? Kuti zithunzi zinali zabwino? Zinali zitapita, ndipo anazipititsa ndi dzanja lake.

Wagitala anamugwira paphewa. "Pakanapanda inu, lero ndikanataya zonse. Ndimayamika, amayi, ngakhale sindinena." Mawuwa anamupweteka kuposa kutukwanidwa. "Koma chinthu chimodzi. Bokosi lanuli lisamangojambula m'mawa. Akangomaliza kuimba, muzijambula pomwepo. Muzikhala pano, muzionetsetsa nokha. Mawu a mwana ameneyu asatayikenso."

Anatuluka akuimba mluzu kukagula zingwe zatsopano za gitala. Sipanapite nthawi, mlamu uja anasuzumira pakhomo.

"Ndamva kuti kamwana kaja kakubweranso. Ndiwauze makasitomala abwere ndi mipando." Anayang'ana bokosi lakuda, kenako Namakina. "Koma bokosi lanuli, mlamu, chiligulireni silinaphonyepo. Lero ladwala chiyani?"

"Makina ndi makina."

"Ehe. Walira mvula walira matope." Sanaseke ulendo uno. Anatseka chitseko pang'onopang'ono.

Mawa lake Mpheta anafika m'mamawa, chikwama chake cha paulendo atachisiya kunyumba. Anapinda maondo popereka moni.

"Mwadzuka bwanji, amayi? Pepani ndi zomwe zachitika. Bambo akuti pakanapanda inu, bwenzi zonse zitapita."

"Ndadzuka," anatero Namakina, n'kumupatsa mahedifoni.

Wagitala anatsegula nyimbo ija, n'kuchotsanso mawu a mkazi wake kachiwiri, mwiniwake akuona. Gitala analira. Mtsikanayo anatsinzina n'kuyamba kuimba, ndipo anaimba bwino kuposa Lachitatu. Kuseri kwa khoma dilaya inazima.

Nyimbo itatha, Wagitala anaomba m'manja, n'kuseka kuseka kuja kochokera m'mimba. Kenako anatembenuka.

"Amayi, jambulani."

Namakina anajambula, ndi chala chomwe chija.