Chingwe cha a Langton Pagolo

Moni owerenga okondedwa. Tithokoze Mulungu amene watidzutsa ndi moyo, natipatsa mpata wocheza lero.

Komiti ya timu ya mpira ya ku Thambani inali itagwirizana kale pamene a Langton, mphunzitsi wa timuyo, anafika pabwalo atakoleka chingwe paphewa.

"Kochi, nkhani yatha," anatero a Malcolm, wapampando. "Loweruka ku Boma kukubwera osankha timu ya Mwanza yonse. Pagolo payime Melvin. Gervasio wanuyu manja ake ndi a sopo."

"Nanga chingwecho?" anafunsa mayi Thandie, mlembi wa komiti, akuseka. "Mwayamba kuweta mbuzi?"

A Langton anangomwetulira. Melvin anali mphwawo, mwana wa alongo awo a Liness, ndipo zinali zoona kuti mpira ukafika m'manja mwake sunkapulumuka. Kumusankha kukanakondweretsa komiti ndi abale omwe. Koma Gervasio, mnyamata wa banja lochokera ku Mozambique, analibe womuyankhulira, ndipo mwayi wotere subwera kawiri.

Chingwecho chinali ndi mbiri yake. Chaka chonse, masewera a ligi akatha, a Langton ankapita pagolo kukaona pamene goloboyi anagwera m'fumbi pothamangira mpira. Ankayeza ndi chingwecho kuchokera pakati pa golo, n'kumangapo kansanza. Anatero ku Boma, kumalire, ndi m'mabwalo a kumidzi. Tinsanza tambiri tinaunjikana pamalo amodzi.

"Apa ndi pamene amafika goloboyi wamba wa ligi yathu," anatero a Langton, akuloza tinsanzato. "Tiyeni tione athuwa."

Anayala chingwe kumanja ndi kumanzere, nalemba mizere iwiri ndi phulusa pamene panafika tinsanzato. Kenaka anauza omwetsa zigoli kuti azimenya mipira ina pakati, ina kunja kwa mizere.

Anayamba Melvin. Mipira yapakati ankaiwakha mokongola, n'kuikumbatira ngati khanda. Anthu anaomba m'manja. Koma mpira ukapita kunja kwa phulusa, ankangotembenuza khosi kuuperekeza mu ukonde. Ina inamudutsa isanafike n'komwe pa mzere.

"Umenewo ngakhale mngelo sangaugwire!" anakuwa Melvin, akukonza magolovesi.

Analowa Gervasio. Mpira woyamba wa pakona anaudumphira thupi lonse, naukhudza ndi nsonga za zala. Unagwa pansi, iye n'kuukwawira.

"Mwaona!" anafuula a Malcolm. "Wautayanso!"

"Wautaya kuti, bwana?" anafunsa a Langton.

"Apo, pafupi ndi mtengo wa golo."

"Phulusa lili kuti?"

A Malcolm anayang'ana pansi. Mzere unali kumbuyo kwa mapazi a Gervasio.

"Wautaya chifukwa waufikira," anatero a Langton mofatsa. "Amene sapita kumadzi saswa mtsuko. Paja kapolo uja anakwirira chuma cha mbuye wake sanataye kanthu, koma kodi anayamikiridwa? Ife takhala tikuwerenga mipira yogwa m'manja. Yodutsa osakhudzidwa timangoti ndi tsoka."

"Iii, ulaliki wayamba," anatero mayi Thandie. "Koma apampando, mnyamatayu akuuluka ndithu. Onani fumbi m'tsitsimo."

Mipira inapitirira. Ina inamupulumukadi Gervasio, umodzi mpaka unalowa pakati pa miyendo, anthu n'kufa nazo. Koma ya kunja kwa mizere yambiri anaikankhira kutali.

Melvin anayandikira a Langton, maso ali gwa. "Amalume, mukundivula pagulu?"

"Iyayi mphwanga. Manja uli nawo, miyendo ndiyo ikugona. Ubwere m'mamawa uliwonse, tizidumphira tinsanzati mpaka utipitirire. Koma Loweruka payima Gervasio."

A Malcolm anakanda mutu. "Akakataya mpira ku Boma, mlandu ndi wanu."

"Ndausenza kale."

Pobwerera kunyumba a Langton anakumana ndi a Liness pamsika, mbiri itawafika kale.

"Mwaswera bwanji achemwali?"

A Liness anayang'ana kumbali, napitiriza kusankha tomato. A Langton anayima pang'ono, kenaka anakonza chingwe paphewa, nanyamuka akung'ung'udza nyimbo ya m'tchalitchi. Mtima unawawa, koma sunagwedezeke.

Ambuye akudalitseni inu amene mwawerenga, akupatseni muyeso woona ndi mphamvu zouyimira, ngakhale pamaso pa abale anu. Amen.