Tsamba 94 la Pepala Lothera pa 49

Lamulo la yunivesiteyo linalibe chisoni: wofuna upulofesa asonyeze kuti akatswiri anzake atchula kafukufuku wake m'zolemba zawo kosachepera ka 100. Mayi amene ophunzira anawatcha a Ndondomeko, poti samatha chiganizo osatchula mawuwo, anali atagwa kale kawiri pa lamuloli. Ulendo uno unali womaliza, chifukwa zaka zopumira pantchito zinali zitafika pakhomo.

Koma chaka chino zinaoneka kuti zawayendera. Pepala lawo lakale, lonena za malamulo oyang'anira mabungwe obwereketsa ndalama kwa anthu wamba, linali litatchulidwa ka 312. Iwo omwe sanamvetse kuti latchuka bwanji, koma ndani amafunsa mwayi kuti wadzera kuti?

Kutatsala ola limodzi kuti akaonekere kukomiti yopereka upulofesa, anadzera kulaibulale kukatenga mndandanda wa owatchulawo. Woyang'anira laibulale, mnzawo wakalekale, anali atasanja kale mulu wa mapepala patebulo.

"Achemwali, kutchuka kwanuku kwandithera inki," anatero mnzawoyo, koma osaseka. "Tandiuzani, pepala lanu lija limathera tsamba liti?"

"Limayambira pa 31, kuthera pa 49. Bwanji?"

"Nanga onsewa akuti tsamba 94, analiona kuti?"

A Ndondomeko anavala magalasi. Woyamba, tsamba 94. Wachiwiri, 94. Wachikhumi, yemweyo 94. Ndipo aliyense analemba chiganizo chofanana ngati ana okopera mayeso: akuti kafukufuku wa mayiyu anasonyeza kuti kufewetsa malamulo kumathandiza osauka. Komatu a Ndondomeko anapeza zosiyana kotheratu! Anayenda zaka zitatu m'misika, n'kuona ndi maso awo kuti malamulo akafewa, obwereka amalandidwa mpaka makina osokera ndi mabedi.

"Kandimverere anakanena za m'maluwa," anatero mnzawo uja. "Mmodzi analakwitsa, enawo n'kumangokoperana osatsegula pepala lanu. Ndawerenga amene analemba zoona. Alipo 17."

"Anayambitsa ndani?"

Mnzawoyo anasolola pepala lapansi penipeni n'kuloza dzina ndi cholembera. Anali wapampando wa komiti yomwe inkawadikira pamwamba.

"Ndiye mverani, achemwali. Komiti imaona nambala basi. Lowani, mwetulirani, tulukani ndi upulofesa wanu. Zokonzazo mudzakonza mutakhala kale pampando."

A Ndondomeko anatenga pepala lawo lenileni, lija la masamba 19, n'kuyamba kukwera masitepe. Kunena zoona, upulofesawo ankaufuna mpaka kuulota. Ana omwe anawaphunzitsa okha anali atawapitirira kale, ena mpaka kumawasainira makalata a tchuthi.

M'chipindamo munali anthu asanu ndi mlembi, kuseri kwa tebulo lalitali. Fani inkalira padenga. Wapampando, bambo wadazi wokonda kumva mawu ake omwe, anaimirira kuwalandira.

"Mayi, mwatiwalitsa! Ka 312! Ndipo monga mukudziwa, ndine ndinayamba kulitulukira pepala lanuli."

Onse anaseka mwaulemu. A Ndondomeko anamwetulira nawo. Mafunso awiri oyamba anadutsa bwinobwino, ndipo anayamba kuganiza kuti mwina atuluka osanama, osaululanso. Kenaka mayi wachitsikana wa kumapeto kwa tebulo, wamng'ono pa onse, anakweza dzanja.

"Tamva kuti aboma akufuna kufewetsa malamulo a obwereketsa potsamira pa kafukufuku wanu. Mukugwirizana nazo?"

Akanangoti eee basi, liwu limodzi, nkhani ikanathera pomwepo. Mlembi anali ataimika kale cholembera. A Ndondomeko anakumbukira telala wina wa mumsika, atakhala pakhonde popanda makina, akuwauza kuti, "Mukalembe zimenezi, mayi, akuluakulu akawerenge." Manyazi anawagwira, ndipo pambuyo pa manyaziwo panabwera mkwiyo.

Anakankhira pepala lija kutsogolo kwa wapampando.

"Bwana, chonde tatiwerengereni tsamba 94."

Wapampando anatsegula monyadira. Anatembenuza, kutembenuza, mpaka anafika pachikuto chakumbuyo. Anabwereranso poyamba. Dazi linayamba kunyezimira ndi thukuta.

"Kulibe, bwana," anatero a Ndondomeko. "Limathera pa 49. Ndipo pa 49 pomwepo ndinalemba kuti kufewetsa malamulo kumasaukitsa obwereka. Anthu 295 anditchula osandiwerenga, ndipo anakopera kwa inu."

Wina anatsokomola. Wapampando anatseka pepalalo pang'onopang'ono, osawayang'ana kumaso.

"Mayi, lamulo mukulidziwa. Ndiye pafomupa tilembe kuti mwatchulidwa kangati?"

Akanatha kunena 312, ndipo panalibe akanawatsutsa, pakuti kompyuta inkati choncho.

"Lembani 17."

Mlembi analemba. Kunalibenso funso lina. A Ndondomeko anatola chikwama chawo, misozi ili m'maso, akudziwa kuti akapuma pantchito ali a Ndondomeko omwewo. Atagwira chitseko anamva pepala likukhwekhwereza patebulo, ndipo anacheuka. Mayi wachitsikana uja anali atalikokera kwa iye, n'kutsegula pa tsamba 31, chala chili pa mzere woyamba.

"Wa 18," ananong'ona a Ndondomeko, n'kutseka chitseko.