Mbiri ya Amayi ku Chawama

"Goliati mupeleke kwa ba neba, ba Petronella, kuja kulibe chongo," anatero amalume kwa ine, akuloza ndi kiyi wa galimoto, poti Goliati sapirira phokoso. "Isaac ndiye azakamba mbiri ya ba mayi ku chalichi. Uyu ali chabe bwino."

Linali tsiku loika maliro a amayi ku Chawama, mu Lusaka. Alongo anga awiriwa onse ali ndi otizimu, koma a kuchipatala anawasiyanitsa kalekale ngati matumba a makala. Wa Goliati akuti ndi wolemera chifukwa sayankhula. Wa Isaac akuti ndi wopepuka chifukwa amakonza mafoni m'tauni ndipo Chingerezi amachithyola bwino. Mawu amenewa amandinyansa. Ndine amene ndimamuona Isaac akabwera kuntchito, atadzipinda pansi mpaka mpweya utabwerera.

"Ba malume, Isaac sanadye kuchokera dzulo," ndinatero. "Sangakwanise."

"Iwe Elesi, mwamuna wa ndevu uyu? Osatichitisa nsoni."

Goliati kwa a Petronella sanapiteko. Anakakamira chitsulo cha lole yonyamula bokosi, ndipo amuna ataona kukula kwa mapewa ake anangoti akwere.

M'tchalitchi munali modzaza, masipika akulira mwamphamvu. Isaac anaimirira kutsogolo, suti ikumukhwepa.

"Amayi anabadwira ku Matero, makolo awo anachokera ku Dedza..."

Maikolofoni inalira mokweza, tswiii! Isaac anauma. Anayamba kugwedezeka, kenaka kudzimenya pachipumi. Mtima wanga unasweka, poti mbiri ija anaikonzekera ndi mtima wonse.

"Si uja bamakamba ati ni wanzelu?" ananong'ona mayi wina kumbuyo kwanga.

Amalume anali atadzuka kale kuti akamulande maikolofoni, koma Goliati anawapitirira. Mkulu wa mpingo anayesa kumutchinga, anangokankhidwira pambali. Goliati anaima kumbuyo kwa mng'ono wake, n'kumutseka makutu ndi zikhatho zake zazikuluzo.

Kugwedezeka kunachepa. Isaac anapuma kawiri, n'kupitiriza mbiri ya amayi, akukuwa ngati wogulitsa pamsika chifukwa sankadzimva. Palibe anaseka.

Ine ndinkayang'ana Goliati, munthu amene kulira kwa njinga yamoto kumamuthawitsa. Sipika inali pafupi ndi mutu wake. Anali atatsinzina zolimba, thukuta likutsikira m'khosi, makutu ake ali pamtunda, osatseka.