Zilembo za Pamwamba pa Kabati

Mwana wachisamba wa atelala ankakhalira manja ake. Kusukulu ya mkombaphala ya pamzikiti, anzake akamalimbirana timatabwa ta zilembo za Chiarabu, iye ankangoti duu pamkeka, zikhatho zili kunsi kwa ntchafu. Chaka chinali kumapeto. Anzake onse amapita kalasi yotsatira, iye yekha amayenera kubwereza.

Aphunzitsi ake anapita kunyumba kwawo. Anapeza atelala akupalasa makina m'chipinda chakumaso, mayi a mwanayo akusita.

"Timatabwa tinapatsa mwana aliyense kuti azikaseweretsa kunyumba tija tili kuti?" anafunsa aphunzitsi.

"Tili bwinobwino," anatero atelala monyadira. "Ndinatikulunga m'nsalu yoyera, tili pamwamba pa kabati pamodzi ndi Kurani."

Sananame. Kusamala katundu ankakudziwa bamboyu, kuposa kusamala mwana.

Mayi anaimika simbi mwaukali. "Nenani zonse, bambo ake. Tsiku lija anakwera pampando kuti atenge kamodzi, manja ali fumbi, munamuwomba mbama mpaka anadzikodzera. Nditalankhula, mumvekere, 'Iwe ukudziwa chiyani za chipembedzo?'"

"Zilembo za m'buku la Mulungu si zidole," anatero atelala, koma mawu atatsika.

"Kurani ikhale pamwamba, ndi malo ake," anayankha aphunzitsi. "Koma patimatabwati sitinalembepo ndime ya Kurani, ndipo tinachitira dala. Ashehe omwe anavomereza. Mwana wamng'ono amaphunzira ndi zala, bambo. Agwire, agwetse, atole, aimbe. Inu mwamuphunzitsa kuti chilembo chimaluma."

Atelala anatsitsa kamtolo kaja, nakamasulira pansi.

"Bwera, mayi wanga. Tenga," anauza mwana wawo wamkaziyo.

Mwanayo sanayang'ane timatabwa. Anayang'ana dzanja la bambo ake, n'kubwerera chambuyo mpaka kugunda khoma. Zinawawawa atelala mpaka m'mafupa, ndipo panalibe wina womuloza chala.

Kuyambira pamenepo, akaweruka ankakhala pansi bambo wamkulu ndi ndevu zake, n'kumamanga tinyumba ta zilembo, n'kumaimba alifu, baa, taa ndi mawu osasa ngati a chule. Mkazi wawo ankawaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa. Mwana ankaonerera ali pakhomo.

Tsiku lina kanyumba kanagwa, kathabwa kamodzi n'kugubudukira kumapazi ake. Anakatola ndi zala ziwiri, n'kudikira. Palibe chinachitika.

"Baa," ananong'ona.

Anapita nawo kalasi yotsatira, ngakhale anali wotsiriza. Kunyumba tsopano amawerenga mokweza, timatabwa mbwee pabalaza ponse.

Makolo, zipangizo zophunzirira ana zinapangidwa kuti ana azizigwira. Ngati mukukayika kuti chopatulika n'chiti, funsani aphunzitsi kapena ashehe musanakweze dzanja. Atelala anafunsa mochedwa. Mpaka lero akangotukula mkono kuti akande m'mutu, mwana wawo amaphethira.